Sewero la “ndine yani?”: mungalilembe bwanji kuti lisasanduke ulaliki?

Funso: Ndalemba sewero la mtsikana wobadwira kudziko lachilendo, kumene makolo ake anasamukira iye asanabadwe. Kusukulu amamuona ngati wobwera, akapita kwawo kwa makolo ake amamuonanso ngati mlendo. Titaliwerenga ndi anzanga, iwo anati nkhaniyo ndi yabwino koma ikumveka ngati ulaliki, ndipo ena anayamba kuyasamula tisanafike n'pakati pomwe. Kodi olemba masewero a masiku ano amaligwira bwanji funso lakuti “ndine yani?” kuti oonera akhale tcheru mpaka kumapeto?

Yankho: Mwa zimene mwafotokozazi, vuto likuoneka pamene lagona. Penapake m'sewero lanu pali tsamba limene mtsikanayo waima yekha, kuyang'ana oonera, n'kumawauza kuti mtima wake wagawanika pawiri, sakudziwa kuti kwawo n'kuti. Pafupifupi aliyense wolemba nkhani yotere koyamba amalemba tsamba limeneli, ndipo zimene limanena n'zoona. Koma pa nthawi imeneyo palibe amene akufuna kanthu kwa mtsikanayo, nayenso palibe chimene akufuna kwa munthu wina, ndiye sewero laima. M'buku munthu angathe kulingalira masamba khumi ife n'kumamutsatira, chifukwa tili m'mutu mwake. Pa siteji timakhala kunja kwa mutu wake, timangoona zimene akuchita ndi kumva zimene akuuza anzake. N'chifukwa chake olemba odziwa ntchitoyi amalitembenuza funsolo kuti likhale lakuti: ndani akundipanikiza lero kuti ndinene kuti ndine yani, ndipo ndikayankha nditaya chiyani?

Chitsanzo chophunzirirapo bwino ndi Sizwe Banzi Is Dead, sewero limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapanga limodzi n'kulionetsa koyamba ku Cape Town mu 1972. Ndi lakalekale ndithu, koma mafupa ake ndi omwe olemba ambiri akumangirapo mpaka lero. Sizwe wabwera ku Port Elizabeth kudzafuna ntchito, koma pasi yake, kabuku kamene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nako ku South Africa pa nthawi ya tsankho, yadindidwa kuti achoke m'tauni pasanathe masiku atatu. Usiku wina iye ndi Buntu, munthu amene akumusunga, akupeza mtembo wa munthu, Robert Zwelinzima, ndipo m'thumba mwake muli pasi yokhala ndi chilolezo chofunira ntchito. Buntu akumatula zithunzi n'kuzisinthanitsa. Kuyambira pamenepo Sizwe ayenera kuloweza nambala ya munthu wakufa ndi kumavomera akaitanidwa dzina lake. Onani zinthu zinayi zimene zagwirizira nkhaniyi. Pali nthawi yothina, masiku atatu. Pali chinthu chogwirika chimene oonera akuchiona ndi maso, kabuku ka pasi. Pali munthu wokankha, Buntu, yemwe mfundo zake n'zomveka ndipo si mdani. Ndiye pali chotayika: Sizwe ali ndi mkazi ndi ana amene amadziwika ndi dzina lake, ndipo kuti awadyetse ayenera kulipha dzinalo. Mukachotsa chimodzi mwa zinayizi, chotsala ndi munthu wodandaula basi. Tengani sewero lanu muone kuti mwa zinayizi muli zingati. M'masewero ambiri oyamba mumapezeka chotayika chokha, nachonso chongonenedwa pakamwa.

Dzina ndi chida chotsika mtengo kuposa zonse, chifukwa silifuna chovala kapena magetsi. Mu The Convert la Danai Gurira (2012), lomwe nkhani yake ikuchitika ku Rhodesia (Zimbabwe ya lero) m'zaka za m'ma 1890, Jekesai akuthawa ukwati womukakamiza n'kulowa m'nyumba ya katekisti, kumene akupatsidwa dzina lakuti Ester. Mu Disgraced la Ayad Akhtar, limene linapambana mphoto ya ku America ya Pulitzer mu 2013, loya wa ku New York wotchedwa Amir anasintha dzina la makolo ake kuchoka pa Abdullah n'kukhala Kapoor, ndipo mavuto ake ku ntchito akuyamba pamene akuluakulu ake ayamba kufufuza kuti iye ndi wochokera kuti kwenikweni. Chochita n'chapafupi. Lembani pa pepala atengambali anu onse, ndipo pambali pa aliyense mulembe dzina limene amamuitanira mtsikana wanu. Amayi ake amamuitana chiyani, aphunzitsi chiyani, chibwenzi chake chiyani? Kenako sankhani tsamba limodzi lokha pamene mmodzi wa iwo asinthe n'kumuitana dzina linalo. Akasintha kawirikawiri, oonera amaleka kumva. Ngati mukulemba m'Chichewa muli ndi chida china chimene Chingerezi chilibe: iwe ndi inu. Mayi amene wakhala akunena “iwe” kwa mwana wake sewero lonse, tsiku lomwe anene “inu mwabwera liti?” holo yonse imamva kuti chitseko chatsekedwa, popanda wofotokoza.

Tsopano nkhani ya chinenero, pamene ndikuona kuti sewero lanu lingapindule kwambiri. Mtsikana wanu amakhala m'zinenero ziwiri, koma oonera anu mwina amamva chimodzi. Olemba oyamba kumene amachita chimodzi mwa ziwiri izi: kulemba zonse m'chinenero chimodzi ngati vutolo kulibe, kapena kupatsa mtengambali mawu m'chinenero cha makolo kenako n'kumubwerezetsa omwewo m'chinenero cha oonera. Njira yachiwiriyi imachedwetsa sewero ndi theka ndipo imamveka yabodza, popeza palibe amene amadzimasulira yekha polankhula ndi mayi ake.

Brian Friel anapeza njira ina mu Translations, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Derry mu 1980. Nkhani yake ndi ya mu 1833, asilikali a ku Britain akujambula mapu a Ireland n'kumasintha mayina a malo kuti amveke mwa Chingerezi. Osewera onse pa siteji amalankhula Chingerezi, koma oonera amavomereza kuti anthu a m'mudzimo akulankhula chinenero chawo cha Chiairishi. Zotsatira zake n'zakuti Maire, mtsikana wa m'mudzimo, ndi msilikali Yolland akamauzana za chikondi, ife timamva onse awiri koma iwo sakumvana, ndipo mawu okhawo amene amawalumikiza ndi mayina a malo aja. Sanaz Toossi anapititsa njirayi patsogolo mu English (2022), lomwe linapambana Pulitzer mu 2023. Anthu akuphunzira Chingerezi m'kalasi ku Karaj, ku Iran, kukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa TOEFL. Akamalankhula Chifarisi, osewera amayankhula Chingerezi chothamanga, chomasuka, chanthabwala. Akamalankhula Chingerezi cha m'kalasi, lilime limalemera, mawu amasowa. Munthu yemweyo amene anali wochenjera mphindi yapitayo akuoneka ngati mwana. Apa oonera amamva m'makutu mwawo chimene munthu amataya akasamukira m'chinenero china, chinthu chimene ulaliki wa masamba atatu sungathe kufikitsa.

Tiyeni tiyese njira imeneyi pa nkhani yanuyo. Tinene kuti mtsikanayo waperekeza bambo ake ku ofesi ya boma kukawamasulira. Onse alankhula chinenero cha oonera, koma lamulo n'lakuti bamboyo ndi kalaliki sakumvana.

KALALIKI: Afunseni chifukwa chake dzina la pa chiphaso likusiyana ndi la pa kalata yobadwira.

MWANA: Akufunsa za dzina, bambo.

BAMBO: Uwauze kuti anzawo omwewa ndiwo analilemba molakwika tsiku limene tinafika. Ndinawauza katatu. Anandiseka.

MWANA (kwa kalaliki): Akuti panali kulakwitsa pang'ono polemba.

BAMBO: Wanena zoti anandiseka?

MWANA: Ndanena.

KALALIKI: Ndiye tilembe liti?

MWANA (osawayang'ana bambo ake): La pa chiphasolo.

Mizere isanu ndi itatu, ndipo palibe watchula zoti mtima wagawanika. Koma taona mtsikanayo akunamiza bambo ake, akuwateteza, akuchita nawo manyazi, ndiponso akuwasankhira dzina, zonsezi nthawi imodzi. Oonera ndi okhawo amene amva mbali zonse ziwiri, choncho mlandu wa mtsikanayo ausenza ndi iwo, ndipo munthu wosenza mlandu sayasamula. Komanso mwadzisungira chipolopolo. Bambo amene wakhala m'dzikomo zaka 20 amamva zambiri kuposa mmene mwana wake akuganizira. Chakumapeto kwa sewero, mulole anene chiganizo chimodzi chokha cholongosoka m'chinenero cha kalaliki uja, mwanayo ali pomwepo. Chilichonse chimene anamasulira mokhotetsa chimubwerera pa mphindi imeneyo.

Njirayi ili ndi mbuna zake. Lamulo la chinenero liyenera kumveka m'mphindi zisanu zoyambirira, ndipo limamveka bwino pakakhala munthu wachitatu amene sakumva, monga kalaliki uja. Mukalikhazikitsa musaliswe mwangozi: ngati kalaliki aseka nthabwala ya bamboyo kamodzi kokha, oonera asokonezeka ndipo sakukhulupiriraninso. Lilembeni momveka patsamba loyamba la sewero kuti wotsogolera ndi osewera asalingalire okha. Mbuna yaikulu ndi kuseketsa anthu ndi lilime lolemera. Oonera amaseka msanga munthu wolankhula chinenero mophotchola, osewera akamva kusekako amawonjezera mchere usiku wotsatira, ndipo pofika sabata yachiwiri bambo uja wasanduka choseketsa. Mankhwala ake ndi kumupatsa mawu akuthwa, anzeru, m'chinenero chake tisanamumve akuvutika ndi chachilendocho.

Chinthu chogwirika tachitchula kale, koma pali luso lina pochisankha. Mu The Piano Lesson la August Wilson, lomwe linapambana Pulitzer mu 1990, mlongo ndi mchimwene akulimbirana piyano yosemedwa nkhope za makolo awo amene anali akapolo. Boy Willie akufuna kuigulitsa kuti agule munda umene makolowo ankalima ali akapolo. Berniece akukana, ngakhale iye mwini analeka kuiimba. Mu Nothing but the Truth la John Kani (2002), Sipho akuyembekezera mtembo wa m'bale wake amene anamwalira ku England, koma mwana wa malemuyo akufika ndi phulusa m'kachiwiya. M'masewero onse awiri chinthucho sichigawika pakati, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Muyeso wake ndi umenewo. Ngati oonera angathe kudziwa m'mphindi khumi kuti wolemba ali mbali iti, chinthucho changokhala chizindikiro chopachikidwa pakhoma. Chinthu chabwino chimanyamulidwa, kubisidwa, kukanganirana, mwina kuthyoka, ndipo chimaoneka pa siteji kosachepera katatu, nthawi iliyonse chili m'manja mwa munthu wina.

Pali chida chimene buku lilibe: thupi la wosewera. Oonera amaona anthu awiri nthawi imodzi, wosewera ndi mtengambali, ndipo olemba ena amatsegula dala mpata pakati pa awiriwo. Caryl Churchill mu Cloud Nine (1979) analamula kuti m'gawo loyamba mkazi wa mtsamunda aseweredwe ndi mwamuna, wantchito wachikuda aseweredwe ndi mzungu, mwana wamkazi akhale chidole, kusonyeza kuti aliyense wa iwo akukhala chimene mwini nyumbayo akufuna kuti akhale. Mu Woza Albert! (1981) Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema ankasewera anthu ambirimbiri ali awiri okha, ndipo akafuna kukhala mzungu ankangovala mphuno yachidole. Mu Topdog/Underdog la Suzan-Lori Parks, lomwe linapambana Pulitzer mu 2002, munthu wachikuda wotchedwa Lincoln amapeza ndalama podzola nkhope zoyera n'kuvala ngati Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America amene anaphedwa ndi mfuti, kuti anthu aziyerekeza kumuwombera. Kwa inu, njira yotsika mtengo ingakhale yakuti wosewera mmodzi akhale mphunzitsi wa kusukulu komanso azakhali a kwawo kwa makolo, anthu awiri amene onse amamuuza mtsikanayo kuti si wa kuno. Oonera aona nkhope imodzi ikunena zimenezo mbali zonse. Koma chida chimenechi n'chakuthwa konsekonse. Chikhale ndi chifukwa chimene mungachinene m'chiganizo chimodzi, apo ayi chimangooneka ngati gulu linalibe osewera okwanira.

Vuto lina limene ndikulikayikira m'sewero lanu ndi lakuti mtsikanayo wasenzetsedwa mtundu wonse. Mtengambali akakhala yekha woimira anthu ake, wolemba amaopa kumupatsa zoipa, ndiye amatuluka munthu wopanda chilema, wozunzidwa chabe, wotopetsa. Inua Ellams mu Barber Shop Chronicles (2017) anaika amuna ambiri m'malo ometera tsitsi ku London, Lagos, Accra, Kampala, Harare ndi Johannesburg, n'kuwasiya akutsutsana, moti palibe mmodzi amene akuyankhulira onse. Simufunika mizinda isanu ndi umodzi. Mupatseni mtsikanayo mchimwene wobadwira m'nyumba yomweyo, amene funsoli silimusowetsa tulo n'komwe, kapena amene analiyankha mosiyana n'kumanyadira. Kenako mupatseni mtsikanayo tchimo lake: anyoze wobwera kumene amene lilime lake ndi lolemera kuposa la bambo ake.

Ena amapita kukatenga mawu kwa anthu enieni. Anna Deavere Smith anafunsa anthu a ku Crown Heights, ku New York, zipolowe za mu 1991 zitachitika, ndipo mu Fires in the Mirror (1992) anasewera yekha anthu oposa 20 pogwiritsa ntchito mawu awo enieni. Lynn Nottage anacheza ndi anthu a ku Reading, ku Pennsylvania, asanalembe Sweat. Ngakhale simukufuna kulemba sewero la mtundu umenewu, kucheza ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene anakula ngati mtsikana wanu kungakuthandizeni. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo muwauze poyera kuti n'za sewero. Musawafunse kuti amadziona ngati ndani, chifukwa akupatsani yankho lokonzakonza, lofanana ndi tsamba lanu lija. Afunseni za tsiku: tsiku loyamba limene munthu anatchula dzina lawo molakwika iwo osamukonza, kapena tsiku limene anayankha mayi awo m'chinenero cha kusukulu. Polemba zojambulidwazo konzekerani maola anayi kapena kuposa pa ola lililonse la kucheza, ndipo musawongole pamene munthu wakakamira kapena wasiya chiganizo panjira, chifukwa nthawi zambiri nkhani imabisala pamenepo. Sinthani mayina ndi zonse zimene zingamuzindikiritse munthuyo.

Pokonza sewero lanu, yambani ndi cholembera chofiira. Dulani mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene mtengambali akudzifotokoza yekha, zonga “ine ndine”, “ndimamva ngati”, “anthu ngati ife”. Pa chilichonse dzifunseni kuti akuuza ndani ndipo akufuna womverayo achite chiyani. Chopanda yankho chichoke. Sindikuti kulankhula kwautali n'koletsedwa. Masewero a Wilson ndi odzaza ndi anthu olankhula nthawi yaitali. Koma mwa iye wolankhulayo amakhala akunyengerera, akuopseza kapena akudziteteza kwa munthu amene ali pomwepo, amene angathe kumudula pakamwa kapena kutuluka. Kulankhula kopitirira mphindi ziwiri kopanda womvera wotere n'kovuta kuti kuime. Dziwani kuti tsamba limodzi la zokambirana limatenga mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka pa siteji, choncho ngati chopanikiza mtsikanayo chikuyamba pa tsamba 25, oonera akhala theka la ola akudikira. Chibwere m'masamba khumi oyambirira. Finyaninso nthawi ya nkhani. Sewero lotsata mtsikana kuyambira ali wakhanda mpaka kukula limakhala ndi zigawo zambiri zazifupi zimene palibe chimafika potentha. Sankhani sabata imodzi kapena usiku umodzi pamene mbali ziwiri za moyo wake zakakamizika kukhala m'chipinda chimodzi. Mu Disgraced zonse zimaphulika pa chakudya chamadzulo chimodzi cha anthu anayi.

Mathero nawo amagwetsa ambiri. Chiyeso chake n'chakuti mtsikanayo aime kutsogolo n'kulengeza kuti tsopano wazindikira kuti ndi wa mbali zonse ziwiri. Oonera amadziwa kuti m'moyo sizitha choncho, ndipo kuwomba m'manja kwawo kumakhala kwaulemu chabe. Mumalize pa chochita: asaine dzina liti pa pepala, akwere ndege kapena aisiye, amasulire mawu a bambo ake ndendende ngakhale akudziwa kuti kalaliki akwiya. Chimene wasankhacho chimutayitse kanthu kamene takhala tikukaona kuti n'kamtengo kwa iye.

Mukakonza, itanani anthu ena, osati anzanu a poyamba aja, chifukwa iwo akudziwa kale nkhaniyo. Inu musawerenge mbali iliyonse. Khalani kumbuyo ndi kope, muzilemba nambala ya tsamba paliponse pamene wina wagwira foni, wasuntha pampando kapena wayang'ana kudenga. Akamaliza musawafunse ngati alikonda. Afunseni kuti mtsikanayo amafuna chiyani, ndani amamutsekereza, ndipo anataya chiyani. Ngati mwa anthu asanu atatu ayankha mofanana funso loyamba, msana wa sewero ulipo. Akasiyana onse, bwererani ku masamba khumi oyambirira, ndipo muyambire pa tsamba limene munalemba nambala yake koyamba m'kope muja.